Umboni wa Apongozi a Seth

Mu 1916, boma litayamba kutenga amuna mokakamiza kupita kunkhondo, Seth Midgley wa mumsewu wathu anakana usilikali, ati chikumbumtima chake sichikumulola. Bwalo lomva anthu okana linamuitana kuti akaonekere Lachiwiri, ndiye Lolemba, tsiku lochapa, anatsikira kuseri kwa nyumba kukanyengerera apongozi ake, Mayi Sugden, kuti akamuchitire umboni. Ine ndinali kuyanika zanga tsidya lina la mpanda, ndipo sindipepesa kwa munthu kuti ndinamvetsera.

Akuluakulu a bwalo lija tinkawadziwa tonse: wogulitsa nyama, wogulitsa malasha, ndi msilikali wina wokalamba wogontha khutu limodzi. Munthu wokana chifukwa cha Mulungu ankamumverako chisoni, koma wa sosholizimu, wofuna kuti antchito alande chuma cha mabwana, ankati alibe chikumbumtima, ali ndi pakamwa basi. Tsono Seth anali wa sosholizimu wotheratu. Sabata yonse kuwomba nsalu kufakitale, Lamlungu kukwera pabokosi kumsika n'kumalalikira anthu ndi nkhunda zomwe. Akanagwa pabwalopo, njira zinali ziwiri, kunkhondo ku France kapena kundende, chonsecho mkazi wake Lottie anali wodwala pakati, masiku atayandikira. Mawu okhawo amene akanalemera pamenepo anali a Mayi Sugden: mayi wa tchalitchi, mwana wawo Arnold ali kumaenje a nkhondo, ndipo tauni yonse inkadziwa kuti chibadwire sananenepo chinthu chimene sanachione. Vuto linagona pomwepo.

"Gwirani apo muzipukusa," anatero mayiwo, akulowetsa nsalu yapabedi m'makina ofinyira zovala. "Munthu atha kupempha manja akugwira ntchito."

Seth anapukusa. Anafotokoza kuti sakufuna zambiri, angokanena kuti mkamwini wawo ali ndi chikumbumtima chokana kupha, ndipo wakhala nacho kuyambira kalekale.

"Sindinachionepo."

"Sichioneka, Mayi. Chimakhala m'kati."

"Ndiye ndikanene kuti ndinaona chiyani?"

"Makhalidwe anga. Si mwakhala nane zaka zonsezi?"

"Inu ndi amene mwakhala ndi ine. Nyumba ndi yanga."

Seth anati chabwino, akanene zimene anaona. Mayiwo anaima kaye n'kuganiza mwachilungamo ndithu, mpaka nkhope inawala. Anakumbuka tsiku lija a Pickles a mumsewu wathu ankapha nkhumba, Seth atapatsidwa beseni lolandirira magazi, iye n'kukomoka n'kugwera m'beseni momwemo mpeni usanatuluke n'komwe m'thumba. Anakumbukanso kuti nkhuku ya Khirisimasi chaka chilichonse amaipotokola khosi ndi iwo, mkamwini atazemba kuti akukaona mnzake wodwala.

"Izi ndikanena mokondwa," anatero. "Akangomva, sakupatsani ngakhale mpeni wopakira batala."

"Zimenezo ayi."

"Zinachitika."

"Mukufuna tauni yonse iziti Midgley ndi wamantha? Ine sindikukana chifukwa choopa magazi. Ndikukana chifukwa cha mfundo."

"Mfundozo zinali kuti tsiku la nkhumba lija?"

Apa Seth anasiya kupukusa n'kuyamba ulaliki wake wa kumsika uja, umene tonse mumsewumo tinauloweza tisakufuna. Nkhondo iyi, ati, ndi ya eni mafakitale. Iwo akunenepa, ana a amphawi akuwola m'matope. Wowomba nsalu wa ku Germany ndi m'bale wake, ndipo iye sangawombere m'bale wake kuti mimba za mabwana zikule. Wantchito alibe dziko.

"Alibe dziko? Nanga apa mwaima pati?"

"Ndi kanenedwe chabe, Mayi."

"Pukusani. M'bale wanuyo dzina lake ndani?"

"Aa, sindikumudziwa dzina."

"Ndi yemweyo akuwombera Arnold wanga?"

Seth anayambanso kupukusa. Anayankha chapansipansi kuti nayenso Mjeremaniyo achita kumukakamiza mabwana ake. Mayi Sugden anagwedeza mutu, chifukwa chimenecho chinawalowa. Anati ngati zili choncho, ndiye kuti Seth sangaphe munthu aliyense padziko lapansi. Angonena choncho pakamwa pake, iwo akauze bwalo kuti anamumva akunena. Chikumbumtima sanachione, koma makutu ali nawo.

Ine kuseri kwa mpanda ndinachita kuluma chopanira zovala. Chamumtima ndinati vomera, chitsiru iwe, akupatsa m'manja. Koma Seth ndi nkhutukumve, ndipo choonadi chake amachikonda kuposa khosi lake.

"Aliyense ayi. Tisanamizane."

"Eya?"

"Tsiku limene antchito tidzadzuke kukalanda mafakitale, eni ake akadzakana, mfuti ndidzaigwira."

"Ndiye mfutiyo mumaifuna. Mukungofuna kusankha nokha womuwombera."

"Imeneyo idzakhala nkhondo yachilungamo."

"A Illingworth, eni fakitale yanu, mudzawawombera?"

"Akadzakana kupereka."

"Aja anabwera ndi mtedza wa ana pachikondwerero cha tchalitchi?"

"Si nkhani ya munthu mmodzi, Mayi. Ndi gulu lawo lonse. Eni mafakitale, eni migodi, eni nyumba..."

Mayi Sugden anasiya nsalu ili lende pakati pa makina.

"Eni nyumba."

"Sindikunena inu."

"Nyumba ndili nayo. Mumagona m'chipinda chake cham'mwamba."

Musaganize kuti anakwiya. Mayi ameneyo sankakwiya, ankangofuna kumvetsa bwino zinthu kuti akonzekere. Anafunsa ngati tsikulo lakhazikitsidwa kale, napempha kuti lisadzakhale Lolemba, chifukwa sangakonde kufa atasiya zovala zonyika. Anafunsanso ngati Seth adzachite yekha kapena adzatuma mnzake, poti iye ndi magazi sagwirizana. Seth analumbira kuti palibe adzawakhudze, kuti iye mwini adzaima pakhomo kuwateteza. Iwo anati kumeneko ndi kukondera, ndipo Mayi Crabtree a pakona, amene nawonso ali ndi nyumba, sadzakondwa akamva.

"Ndiye tione ngati ndagwira bwino," anatero akuwerenga pa zala zonyowa. "Mjeremani simumuwombera. A Illingworth muwawombera. Mayi Crabtree muwawombera. Ine mukundikhululukira chifukwa cha chibale."

"Musakanene zimenezo, chonde."

"Nanga ndikanene ziti?"

"Mukangoimirira n'kunena kuti mwana uyu sangaphe munthu. Basi, n'kukhala pansi."

"Mwangondiuza kumene kuti mungaphe."

"Iwalani."

"Sindiiwala ine, Seth. Mukudziwa."

Anapukuta manja pa epuloni pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi. Kenako ananena mosakweza mawu kuti kubwaloko sapita. Za nkhumba Seth wawaletsa, zimene amva lero wawaletsa, chatsala ndi bodza, ndipo bodza sangakaliimirire pamaso pa anthu ndi pamaso pa Mulungu. Amamufunira zabwino, akumvera Lottie chisoni kwambiri, koma mtima wawo sukuwalola.

"Mtima wanu sukukulolani?"

"Ayi."

"Ndi mphindi chabe, Mayi. Kungoima n'kunena."

"Mtima sukundilola."

Ndinamumvera chisoni Seth pamenepo, ndisaname, chifukwa mantha anali atamugwira zenizeni. Koma mantha a munthu wozolowera kulalikira amatulukira pakamwa. Anafiira mpaka m'makutu, nawazungulira makina aja ngati akuzungulira bokosi lake la kumsika. Anawakumbutsa za Lottie ndi za mwana wosabadwayo. Anati banja lino lili pamoto, ndipo moto ukabuka aliyense amanyamula ndowa, palibe amakhala pambali n'kumasilira manja ake oyera. Mayiwo anati imeneyo ndi nkhani ya pakati pa iwo ndi Mlengi wawo.

"Kumeneko n'kudzikonda."

"Kapena."

"Timadyera patebulo limodzi, timawotha moto umodzi, koma ikafika nthawi yovuta mukukabisala kuseri kwa Baibulo. Ena avutike kuti inu mugone tulo tabwino?"

"Sindinanene kuti ndigona bwino."

"Ndi mantha awa, Mayi. Mwangowaveka chipewa cha kutchalitchi."

Mawindo a mumsewu anali atayamba kutseguka limodzilimodzi. Seth sanaone. Mawu anali atamukomera, ndipo ndinene zoona, sanalalikepo bwino chotero kumsika kuja. Anamenya chibakera pa makina mpaka madzi anathovokera pa nsapato zake.

"Pa nthawi ngati ino munthu sasankha yekha. Aliyense akamati mtima wanga, mtima wanga, tipulumuka bwanji? Anthu ako akakuitana umapita, kaya ukufuna kaya sukufuna, ndipo chikumbumtimacho umachisiya pakhomo."

Mayi Sugden anatembenukira kwa iye. Aka kanali koyamba kuwaona akumuyang'ana mkamwini wawo mwaulemu.

"Mukutsimikiza zimenezi, Seth?"

"Ndi mtima wanga wonse."

"Simudzandiuzanso kuti ndiiwale?"

"Ndi kale lomwe. Ndingazinene pamaso pa aliyense."

"Chabwino, mwandigonjetsa, ndipita," anatero mayiwo akutola nsalu ina m'ndowa. "Izi ndiye ndazimva ndi makutu angawa, ndipo mawa ndikawauza liwu ndi liwu."