Chimene Chinabweza a Fintan Gilhooly Kuchokera ku Boston

Malemu Bambo Fintan Gilhooly, amene agona patsogolo pathupa, anabadwa pa 9 Malichi 1951 kuno ku Drumkeeran. Ine ndine mng'ono wawo, Colm.

Mu 1957 bambo athu anamwalira ndi chifuwa chachikulu. Akuluakulu muli panonu mukukumbukira: anthu ankadutsa pakhomo pathu atatseka pakamwa, mkaka wa ng'ombe zathu n'kusowa wogula. M'nyumba mwathu dzina la matendawo silinatchulidwenso. Chaka chotsatira a Fintan analandira katemera wa matendawo kusukulu, n'kutsala ndi kachipsera paphewa.

Sukulu anailekera panjira, nayamba ntchito yomanga nyumba. Mu 1977 anakwatira Mayi Nuala Tansey, namwino, ndipo Mulungu anawapatsa mwana mmodzi, Dervla.

Mu 1985 ntchito itavuta kuno, banja lawo lonse linasamukira ku Boston, kutsidya kwa nyanja. Kuti apeze mapepala okhalira kumeneko, a Fintan anayenera kuyezedwa. Anawabaya kajakisoni pamkono, pamalopo panatupa. Munthu amene analandira katemera uja amatha kutupa choncho, koma kumeneko katemerayu sabaya ana, ndiye dokotala anati mwina ndi chifuwa chachikulu, abwerenso adzawajambule m'chifuwa.

A Fintan sanapitekonso. Mumtima mwawo anati matenda a bambo aja awalondola, ndipo adzapatsira mwana. Manyazi a pakhomo pathu anawatseka pakamwa. Kwa mkazi wawo anangoti, "Kuno sikwanga, Nuala, ndasowa mvula yakwathu," n'kukwera ndege. Kwa ife anati anasowa ng'ombe. Kumowa tinkawanena: "Achimwene, zoona munthu n'kusiya mkazi chifukwa cha ng'ombe?" Iwo ankaseka nafe limodzi.

Mayi Nuala anadikira mpaka kutopa, kenako anasiya kufunsa. Anamwalira komweko mu 2011. A Fintan anakhala okha. Kapu yawo sinkasakanikirana ndi za anthu, ndipo khanda la munthu sankalinyamula. Ife tinkangoti ndi ouma mtima.

Mu Okutobala chaka chatha anagonekedwa m'chipatala ndi matenda a mtima. Anawajambula m'chifuwa, koyamba m'moyo wawo. Dokotala anati mapapo ali bwinobwino, palibe chizindikiro chakuti chifuwa chachikulu chinawagwirapo. Kenako a Fintan anandiuza zonsezi, nati ndidzazinene pano. Anatisiya Lachiwiri, pa 14 Januwale 2025.

Asiya mwana mmodzi, adzukulu awiri amene sanawaonepo, ndi ine. Tikuthokoza Bambo Mfumu, anamwino, ndi anansi amene mwakumba manda pamvulayi.

Dervla mwana wanga, wayenda ulendo wautali kudzaika munthu amene wakula ukudziwa kuti anakuthawa. Anati ndikuuze kuti sankathawa iwe. Ankakuteteza ku matenda amene analibe.

Mzimu wawo uuse mumtendere umene anadzimana ali moyo.