Bambo Alberto Chilombe ndi Thonje Lopiringizika la 1991

Abambo Ansembe, mafumu, akuluakulu a mpingo, abale athu achisilamu amene mwakhala chauko, ndi nonse amene mwabwera kudzalira nafe, banja lapereka mawu awa kuti awerengedwe monga alembedwera, osachotsapo kanthu.

Malemu Bambo Alberto Chilombe anabadwa pa 12 Malichi 1941 ku Messumba, m'mbali mwa nyanja yomweyi, kutsidya kwa malire ku Mozambiki. Anali mwana wachitatu wa Bambo Yakobo Chilombe ndi Mayi Dinala, ndipo anabatizidwa ali khanda mu mpingo wa Anglikani. Sukulu anayamba mu 1950 pamishoni pomwepo, nalekeza m'kalasi yachinayi chifukwa bambo awo ankafuna wowathandiza kupalasa bwato. Ankawerenga Chinyanja ndi Chipwitikizi. Chingerezi sanachiphunzire.

Mu 1965 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Rosa, amene akhala apa pafupi ndi bokosi. Mulungu anawapatsa ana asanu, awiri anatsogola ali aang'ono. Zaka zambiri malemu ankasamala dimba la mishoni, ndipo a kwawo amawakumbukira ngati munthu wa dzanja la mbewu. Wopempha mbande za tomato kapena mitengo ya chinangwa sankabwerera chimanjamanja.

Mu Ogasiti 1987 nkhondo inafika pamudzi pawo. Anathawa pabwato mpaka ku Makanjira, kenako anatsika ndi lole kufika m'mudzi muno. Zabwino nazo zinenedwe: mudzi uno unawalandira. Bambo Tomasi Mkwepu anawapatsa malo kuseri kwa nyumba yawo, ndipo Mayi Enid, akazi awo a Tomasi, anabweretsa mphasa ndi bulangete tsiku lomwelo. Malemu sanaiwale. Pa pemphero la banja ankayamba kutchula a Tomasi asanatchule ana awo omwe.

Mu 1988 analembedwa ntchito pa esiteti ina ya chimanga kumtunda kuno. Ntchito yawo inali kubereka sipuleya kumsana ndi kupopera mankhwala opha zomera zosafunika m'munda, otchedwa 2,4-D, amene antchito ankangoti tufodi. Palibe anawapatsa magolovesi kapena chophimba kumphuno. Ankavundula ndi kamtengo, ndipo kamlomo ka sipuleya kakatsekeka ankakauzira ndi pakamwa. Zolemba za pachigubu zinali m'Chingerezi, ndipo palibe anawawerengera. Fungo lake linkawatsata mpaka kunyumba, moti Mayi Rosa ankachapa zovala zawo pazokha.

Mu Januwale 1991 mbozi zinagwa m'minda ya thonje ya m'mudzi muno, pamene sipuleya ya kalabu ya alimi inali itathyoka. Malemu anaona a Tomasi akutola mbozi ndi manja dzuwa lili paliwombo, ndipo mtima unawawawa. Anapempha kapitawo wa pa esiteti kuti awabwereke sipuleya Loweruka masana, kapitawoyo navomera. Malemu anaitsuka kumtsinje mpaka madzi kutuluka oyera. Anathiramo mankhwala a mbozi amene eni minda anagula okha, napopera munda wa a Tomasi ndi ya anansi awo. Malipiro anakana. Anangolandira chimanga chootcha, nadya ali chiimire.

Mbozi zinafa. Koma posakhalitsa thonje linayamba kuchita zachilendo. Nsonga zinapindika n'kuyang'ana pansi, mitengo yake inapotoka ndi kung'aluka, masamba atsopano anatuluka aatali, opyapyala ngati zala za nkhuku. Maluwa anayoyoka. Chimanga chimene chinali m'malire mwa minda yomweyo chinangoima chobiriwira. Malemu analibe thonje, anali ndi kamunda ka chimanga ndi chinangwa, ndipo kameneko sikanakhudzidwe. Anthu anaona zimenezi n'kuyamba kunong'ona. Kumjigo kunamveka kuti mlendo tinamulandira ndi manja awiri, kani anawoloka ndi nyanga za kwawo. Mawu amene anatsatira titchula kamodzi kokha pamaso pa thupi lawo: anatchedwa mfiti. Mbiri itafika ku esiteti, kapitawo uja anakana kuti sanabwereketse kanthu, ndipo malemu anachotsedwa ntchito ngati wakuba.

Mu Epulo chaka chomwecho kunabwera mlangizi wa zaulimi kudzaona mindayo. Anathyola tsamba limodzi, nafunsa kuti sipuleya inachokera kuti. Zimene ananena, banja likufuna mumve lero. Anati chomera chilichonse chili ndi kanthu m'kati mwake, kochepa kwambiri, kamene kamachiuza kuti kula apa, leka apa, tsata kuwala uko. Tufodi ndi mankhwala amene anthu anapanga motengera kanthu kameneko. Kusiyana kwake n'kwakuti kanthu kachilengedwe kaja chomera chimakagwiritsa ntchito n'kukathetsa, pamene tufodi satha msanga. Akalowa m'tsamba amayenda ndi madzi a m'chomera mpaka kunsonga, n'kumangolamula kuti kula, kula, osanena kuti leka. Mbali ina imakula kuposa inzake, chomera n'kupotoka, njira zake za chakudya n'kutsekeka, mpaka chimafa ndi kukula komweko. Chimanga ndi udzu zimapirira, n'chifukwa chake amapopera m'chimanga. Zamasamba otambalala sizipirira, ndipo mwa zonse thonje ndiye losachedwa kugwidwa. Mlangiziyo anati mankhwalawa amakanirira m'paipi ndi m'mipira ya sipuleya, moti madzi okha sawachotsa, ndipo kotsalira kosaoneka ndi maso n'kokwanira kupotola munda. Anati sipuleya ya tufodi siyenera kuyandikira thonje, ndipo munthu wosauzidwa sakanadziwa.

Pamene mlangizi ankanena izi panali malemu, a Tomasi, ndi akulu ampingo awiri. Onse anamva, ndipo anagwirizana kuti zilengezedwe m'tchalitchi Lamulungu lotsatira, Misa ikatha. Malemu anabwerera kunyumba akuimba, nauza Mayi Rosa kuti awachapire malaya oyera. Lamulungu limenelo kunali mlendo wochokera ku boma, nkhani n'kuimikidwa. Lotsatira kunali ubatizo. Kenako akulu aja anati mitima ya anthu idakali yowawa, tidikire izizire. Mlangizi anasamutsidwa. Malemu akafotokoza okha, anthu ankati mfiti iti inavomerapo.

Mu 1992 kunagwa chilala, ndipo ena anati ndi iwo amanga mvula. M'tchalitchi benchi imene ankakhala inkatsala ndi malo mbali zonse. Pa Mgonero anaona kuti akamwa chikho, otsatira pambuyo pawo ankabwerera kukakhala. Anayamba kupita omaliza kuti asatsekereze ena. Kenako analeka kupita kuguwa, n'kumangogwada pamalo pawo. Mayi Rosa akanyamula usipa kukagulitsa, ankabwera nawo wonse, kupatula umene Mayi Ajira, mnansi wawo wachisilamu, ankagula poyera anthu akuona.

Mtendere utabwera ku Mozambiki, malole anayamba kutenga othawa nkhondo mu 1993. Anzawo onse a ku Messumba anapita. Mayi Rosa anamanga katundu, nawachonderera kuti kwathu kuli dimba ndi manda a ana athu, kuno tikudikira chiyani. Malemu anayankha kuti, "Rosa, ndikakwera lole imeneyo adzati mfiti yathawa, ndipo Leticia adzatsala nalo dzinali ndi ana ake. Alengeze kaye, mawa lake tinyamuka." Leticia ndi mwana wawo woyamba, amene anakwatiwa m'mudzi muno. Katundu uja anakhala chimangire pakona ya nyumba.

Mu Novembala 1993 anayamba kutuluka zotupa m'khosi ndi m'khwapa. Ankatuluka thukuta kwambiri, thupi n'kumatha. Mu Febuluwale chaka chino anagonekedwa kuchipatala ku boma. Adokotala anafunsa ntchito imene ankagwira, atamva anangogwedeza mutu, nati matenda ake ndi khansa ndipo yapita kale patali. Ngati mankhwala aja ndiwo anayambitsa, adokotala sananene, ifenso sitinena. Akudziwa ndi Mulungu. Koma tinamva zimene zinkanenedwa kudooko, kuti thonje lija likumubwezera, ayamba kupotoka yekha. Amene munanena, dziwani kuti mawu amenewo anafika pamphasa pamene anagona.

Atalephera kuyenda, Lamulungu lililonse ankadikira Leticia kuti abwere kuchokera kutchalitchi. Asanavule n'komwe nsapato ankamufunsa, "Mwanawe, alengeza chiyani lero?" Leticia ankawauza zonse: za malata a denga, za maukwati, za tsiku lolambula kumanda. Iwo ankamvetsera mpaka kumapeto, n'kutembenukira kukhoma. Sanatukwane munthu. Pa pemphero a Tomasi anakhalabe oyamba kutchulidwa. Lamulungu lapitali anafunsanso funso lomwelo. Lachinayi pa 9 Juni 1994, masana, Mayi Rosa atawagwira dzanja, anatisiya ali ndi zaka makumi asanu ndi zitatu.

Malemu asiya mkazi, Mayi Rosa, ana atatu, Leticia, Nelson ndi Carlos, zidzukulu zinayi, ndi mlongo wawo mmodzi amene ali kwawo ndipo uthenga sunamufikebe.

Banja likuthokoza Mayi Ajira, amene m'matenda onsewa ankabwera ndi phala m'mawa uliwonse, kunena pole, ndiye kuti pepani, n'kusesa pabwalo osatumidwa. Likuthokoza Bambo Bonface, dalaivala wa lole ya nsomba, amene anawakhazika kutsogolo popita kuchipatala, nayendetsa pang'onopang'ono m'maenje a msewu wathu, nsomba zawo zikuchedwa. Likuthokoza anamwino amene anawasambitsa osawafunsa kuti ndi a dziko liti, Abambo Ansembe amene atangofika kumene m'parishi muno anabwera ndi Mgonero kunyumba, ndi amayi a mpingo amene aimba chiyambire dzulo. Mayi Enid anatumiza nkhuni ndi mwana wawo, ndipo tazilandira. Lero m'mawa a Tomasi anafika kumanda ndi khasu lawo, nakumba pamodzi ndi adzukulu. Tawaona, ndipo Mulungu awadalitse chifukwa cha thukuta limenelo. Koma chimene malemu ankadikira kwa iwo sichinali manda.

Zimene zinayenera kunenedwa Misa itatha mu Epulo 1991, banja lanena lokha lero, pamene mwini wake sangamvenso. Bambo Alberto Chilombe sanali mfiti. Sanabe sipuleya. Anapopera thonje lanu pofuna kulipulumutsa. Akulu amene anamva mlangizi ali pakati pathu, ndipo ngati pali bodza m'mawu awa, aimirire atitsutse tisananyamule bokosi.

Mayi Rosa, Nelson ndi Carlos akwera lole yotsatira kubwerera ku Messumba. Leticia atsala, ndipo ana ake mudzakumana nawo kumjigo ndi kusukulu. Muziwaitana ndi mayina awo.

Ambuye amene amadziwa zimene munthu ankafuna kuchita, osati zimene zinatuluka zokha, awalandire mtumiki wawo ndi kuwapatsa mpumulo umene kuno sanaupeze. Mzimu wa Bambo Alberto Chilombe uuse mumtendere. Amen.