Bushra Watumidwa Tomato

Pamsika wa Chinamwali, a Mwanaidi anaima kuseri kwa matumba a makala, khosi atalisolola. Mayi wina amene ankadikira kabaza anawayandikira.

"Mukubisalira ndani, amayi?"

"Ndikuyang'ana mtsikana wampango wobiriwirayo. Ndi mwana wanga, Bushra. Ndamutuma tomato."

"Msinkhu umenewo mpaka kumulondera?"

"Amaopa anthu. Munthu akangomupatsa moni amanjenjemera, thukuta kamukamu. Sukulu anasiyira Folomu 2. Alendo akabwera ankathawira kuchipinda, ife n'kumanyadira kuti tinabereka mwana waulemu."

"Kuchipatala sanamupatse mankhwala?"

"Adokotala akuti mankhwala ayambe adikira. Amacheza naye Lachitatu lililonse, kenako amamupatsa ntchito. Sabata ino akuti agule yekha, afunse mtengo ndi pakamwa pake."

"Komatu wangoima pabenchipo, sakuyankhula."

"Sabata yatha anabwerera pamsewu apo. Lero wafika."

"Ndipite ndikamufunsire?"

"Ayi, chonde! Ndakhala ndikumuyankhulira zaka khumi ndi zisanu, nchifukwa chake ndabisala. Ine ndimangolakalaka tsiku limodzi, mayi. Adzandione patali pamsika pano, adzakuwe kuti, 'Amayi!' mpaka anthu onse atembenuke."