Ndinkaopa Kusambitsa Mwana Wanga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ndine Esnati wa kwa Mlonyeni. Ndikuchitira umboni za matenda amene ndinkachita manyazi kuwatchula: ndinkaopa kuti ndipweteka mwana wobereka ndekha.

Mwana wanga woyamba anamwalira tili m'chikuta, nthawi ija mayi amabindikira m'nyumba ndi khanda mpaka mchombo utagwa. Choncho Mulungu atandipatsa Tamanda, ndinalowa m'chikuta mtima uli m'mwamba. Bambo ake anali ku Zambia pa ganyu. Mwambo sulola anthu kulowalowa, ndipo apongozi ankangobweretsa phala n'kutuluka. Ndinkatsala ndekha, maso ali pamimba pa mwana kuona ngati akupuma.

Ndinkati ndikatuluka m'chikuta mantha atha, koma sanathe. Chakudya chinkandikana, misozi inkangotsika yokha. Choopsa kwambiri chinali beseni. Ndikangomuika m'madzi, ganizo linkabwera loti manja anga amutaya, amira, ine ndili chilili. Mapeto ake ndinasiya kumusambitsa, n'kumanamizira kuzizira. Ndinasala kudya, ndinadzudzula Satana, koma sindinauze munthu. Ndinkaopa kuti anena kuti ndapenga, andilanda mwana n'kumupereka kwa apongozi. Pemphero langa linatsala limodzi: "Ambuye, tumizani wondifunsa, pakuti ndekha sindingayambe."

Tsiku la sikelo, namwino wina, Mayi Nyirenda, anavula Tamanda kuti amuyeze, ndipo anaona litsiro m'khosi mwake. Ndinangodikira kukalipiridwa pamaso pa amayi anzanga. Iwo anangoti, "Amake Tamanda, mutsaleko pang'ono."

Titatsala awiri anandiuza kuti amafunsa mayi aliyense za mumtima mwake. "Tulo mukulipeza? Mukudya? Pali ganizo limene limakuopsani?"

"Ndikanena mundilanda mwana," ndinatero.

"Ayi mayi, salandidwa. Awa ndi matenda, si ufiti kapena tchimo. Amagwira amayi ena akachira, makamaka amene anatayapo mwana, ndipo thandizo lilipo."

Ndinalira mpaka nsalu inanyowa, ndipo ndinanena zonse. Ananditumiza kwa dokotala wa matenda a maganizo ku boma, n'kuitananso apongozi kuti awafotokozere. Apongozi amene ndinkawaopa aja anandigwira dzanja, nati, "Mwana wanga, unkasenza wekha zonsezi ine ndili pakhomo pomwepo?" Kuyambira pamenepo ankakhala pambali panga posambitsa mwana. Mantha sanachoke tsiku limodzi, ndipo nthawi zina amandizondabe, koma Tamanda ali kumsana kwanga mpaka lero.

Ndikuthokoza Yehova amene anaona msozi wanga ndili m'nyumba yotseka. Mayi mnzanga, limbikira kupemphera, koma namwino akakufunsa usayankhe kuti uli bwino pamene mtima ukutha. Ndipo inu okaona khanda, mukamaliza kulinyamula ndi kuliyamikira, tembenukani mufunsenso amake. Amen.