Anadula Mango Anga Kuti Ndichoke

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye, makamaka inu amayi amasiye amene mukudziwa kuti maliro enieni amayamba anthu akabalalika pasiwa. Ine ndine make Marita. Ndimakhala kwa Makhuwira kuno ku Chikwawa, koma kwathu kobadwira ndi kwa Chapananga. Ndikufuna ndikuuzeni momwe abale a mwamuna wanga anadulira mitengo yanga ya mango kuti ndichoke pamalo pano, ndi momwe Mulungu anandiyankhira kudzera mwa munthu amene sindinkamupatsa ndi moni womwe.

Mwamuna wanga, bambo Semba, sanali wolemera. Anali ndi njinga, mbuzi zinayi, kadimba kumunsi cha ku Shire, ndi mitengo isanu ndi inayi ya mango pakhomo. Koma mangowo sanali mango wamba. Bambowa ankadziwa kumezanitsa. Ankabzala njere ya mango achikuda, mtengo ukakula ngati chala n'kuudula, n'kulowetsapo kanthambi ka mango aja akuluakulu opanda ulusi, n'kumanga ndi pulasitiki. Mtengo uliwonse unali ndi chipsera pamsinkhu wa m'mawondo, pamene mitengo iwiriyo inagwirana. Mango akapsa tinkapita nawo kumsewu ku Thabwa, ndipo chimanga, sopo ndi sukulu ya ana athu awiri, Marita ndi Luwiza, zonse zinkachokera m'mitengo imeneyo.

Ndiulule pano kuti pakamwa panga si pabwino. Pafupi nafe pamakhala Mai Fole, amene makolo awo anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo. Chaka china mbuzi zawo zinadya mbande zathu zonse, ine n'kuwatukwana mpaka kuwakumbutsa kumene anachokera. Mwamuna wanga anachita manyazi, ndipo mawa lake anapita kukawamezanitsira mtengo umodzi kuseri kwa nyumba yawo ngati chipepeso. Zinandiwawa kwambiri. Mbuzi zidye zathu, mphatso ilandiridwe ndi mwini mbuzi? Kuchokera pamenepo ine ndi Mai Fole tinkangodutsana ngati sitidziwana.

Bambo a Marita anadwala masabata awiri okha n'kutisiya. Inali nthawi imene mango anali atabereka mpaka nthambi kuchita kuchirikiza ndi mphanda. Titaika maliro, apongozi anga ndi mlamu wanga Juwawo, mng'ono wa malemu, anandiitanira kuseri. Anati apeza kale mwamuna woti agone nane kuti achotse imfa pakhomo, mwambo umene iwo amautcha kupita kufa. Ndinagwada bwinobwino mwaulemu, koma ndinakana. Ndinati, “Amayi, ndipheni ngati mukufuna, koma zimenezo ayi. Thupi ili ndinalipereka kwa Mulungu.”

Apongozi sanakweze mawu. Anangoti, “Ndiye imfa ya mwananga ikhala pakhomo pakopo. Wodya cha pamenepo adzatupa miyendo n'kumutsata kumanda.”

Abale anga, mawu a nkhalamba yoferedwa amathamanga kuposa moto wa m'tchire. Pasanathe sabata, palibe amene ankaponda pabwalo panga. Kumjigo ndikafika, amayi ankasuntha ndowa zawo kuti zisakhudzane ndi yanga. Ndinasenza dengu mpaka ku Thabwa, koma mkazi wa Juwawo anali atafika kale kukachenjeza anthu, ndipo ndinabwerera nalo lodzaza, khosi likuwawa. Mango ankagwa okha n'kuolera pansi, ntchentche zili ng'waa. Ngakhale ana aja amene chaka ndi chaka ankagenda mitengo yathu, ine n'kumawathamangitsa ndi ndodo, anasiya kubwera. Ndinafika posowa ngakhale wakuba.

Juwawo anayamba ndi njinga, kenaka mbuzi, kenaka dimba. Anati zonsezo ndi za banja lawo. Ndinadabwa kuti imfa ija inali m'mango mokha, mu njinga ndi m'mbuzi munalibe. Atatha izo anandiuza kuti ndilongedze ndizipita kwathu. Koma kwathu kwa Chapananga makolo anamwalira kalekale, ndipo malo anagawana achimwene ndi ana awo. Ndikanapita kukakhala pakhonde pa yani ndi atsikana awiri? Ndinamuuza kuti pano anandisiya mwamuna wanga, ndipo sindichoka.

M'mawa wina ndikusesa, ndinaona Juwawo akubwera ndi amuna atatu a kumapiri, nkhwangwa zili paphewa. Anali atawagulitsa mitengo yonse kuti akawotchere njerwa. Ndinathamanga kukakumbatira mtengo woyamba, umene bambo a Marita anabzala chaka chimene tinakwatirana. Anandikoka ngati thumba, chitenje n'kumasuka, ana anga akuona. Juwawo anaima poteropo, pakamwa pali kamtengo kotsukira mano, n'kuwalozera anthu aja kuti, “Dulani pansi pa chipseracho.” Ankadziwa chimene ankachita. Mtengo womezanitsa ukaudula pansi pa chipsera, ukaphukanso umabwerera kuchikuda, mango abwino aja amapita ndi nkhwangwa.

Kenaka anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, “Wabereka akazi okhaokha iwe. Malo ano ukusungira ndani?”

Pofika masana mitengo yonse inali pansi, mango aawisi ndi akupsa atapondedwapondedwa. Anaunjika udzu pazitsa n'kuyatsa moto. Zinayi zinapsa mpaka kumizu. Motowo utayamba kulowera kukhola la Mai Fole, mayiwa anatuluka akukuwa, ndipo anthu aja anauzimitsa n'kusiya zitsa zisanu. Nthawi imeneyo ndinati amakuwira mbuzi zawo basi.

Inu amene mumadziwa kutentha kwa kuno kuchigwa, ganizani pakhomo popanda mthunzi ndi umodzi womwe. M'nyumba munkakhala ngati mu uvuni. Ndinayamba kuyenda maganyu kumidzi yakutali kumene sankandidziwa. Njala itakula, ine ndi Marita tinkalowa m'dambo kukazula nyika, mizu ija ya m'madzi imene timadya pa njala, madzi ali m'chifuwa, maso ali kung'ona. Marita anasiya sukulu chaka chimenecho, ndipo sanabwererenso. Ngakhale kutchalitchi, anthu amene tinkaimba nawo ankasiya mpata pabenchi, chifukwa chikhristu chili pakamwa koma mantha ali m'mimba. Ndinkapemphera, inde, koma anali mapemphero okalipa. Ndinkati, Ambuye, ndakana zija chifukwa cha Inu, ndiye malipiro ake ndi amenewa? Tsiku lina ndinamanga ndi katundu womwe, n'kukhala pachitsa tsiku lonse, osadziwa kolowera.

Mvula itagwa, zitsa zisanu zija zinaphuka. Sindinasangalale nazo. Ndinkadziwa kuti ndi mphukira zachikuda, zodzabereka timango ta ulusi timene ngakhale pamsika anthu amangopatsana ulere.

Ndiye tsiku lina ndikubwera kumjigo, ndinapeza munthu pabwalo panga, woyamba kupondapo chidulireni mitengo ija. Anali Mai Fole, akukoka nthambi zaminga n'kumatchingira zitsa zija. Ndinatula ndowa nditakonzeka kale kuyankha. Iwo osandiyang'ana anati, “Mbuzi zanga mukuzidziwa, make Marita. Ndati nditchinge ndisanatukwanidwenso.” Atamaliza anandigwira dzanja n'kupita nane kuseri kwa nyumba yawo. Pamenepo panali mtengo uja wa chipepeso, utakula kuposa denga, masamba ali biriwiri. Anati, “Uwu si wanga, ndi wa bambo a Marita. Ndinkangosunga. Dulani tinthambi mubwezere kwanu.”

Ndinalira, abale anga. Mtengo umene ndinakwiyira mwamuna wanga kwa zaka, ndi umene unasunga mango ake pamene ena onse anapita ku uvuni wa njerwa.

Ntchitoyo sinali yophweka. Ine ndinkangogwirira mwamuna wanga pulasitiki akamamezanitsa, Mai Fole anangoonerera kamodzi kokha. Tinanola mpeni wakukhitchini, n'kung'amba mapepala a shuga kukhala timizere tomangira. Ulendo woyamba tinthambi tonse tinauma, chifukwa tinagwira ntchitoyo dzuwa lili paliwombo. Tinakangana, aliyense akuloza mnzake. Ulendo wachiwiri tinalawirira kunja kusanatenthe, tikusema kanthambi mbali zonse ziwiri, kukalowetsa mu mphukira yong'amba, khungwa kukhudzana ndi khungwa, n'kuphimba ndi masamba. Patapita masabata atatu ndinaona kamaso kobiriwira katatuluka pansi pa pulasitiki. Tinabwereza mpaka zitsa zonse zisanu zinagwira. Chilimwe chonse ndinkasenza madzi maulendo anayi patsiku, ndipo anthu kumjigo ankaseka kuti wamasiye wapenga, akuthirira zitsa.

Zaka zimenezo Juwawo analephera kugulitsa malowa, popeza anthu a kuno ankaopa imfa imene iye yemwe anailalikira. Koma chaka chachitatu, pamene mitengo ija inabereka koyamba, anapeza bambo wina wa kutauni amene sankasamala za miyambo. Ananditumizira uthenga kuti Loweruka abale onse akumana, wogula adzakhalapo, ndipo ine ndikhale nditalongedza. Ndinasala kudya masiku atatu. Sindinkadziwanso chopempha, ndinkangoti Ambuye, onani nokha.

Loweruka abale aja anabwera pamodzi ndi wogulayo, koma anakhala kunja kwa mpanda wanga, m'mphepete mwa njira, poopa kulowa. Apongozi anawakhazika pamkeka. Anali atakalamba kwambiri, maso atachita khungu. Juwawo analankhula nthawi yaitali. Anati pamalo pano palibenso chilichonse cha mkulu wake, patsala imfa yokha ndi mkazi wamakani. Abale ankangogwedeza mitu. Ine ndinali nditagwada padzuwa, Luwiza atandikangamira kumsana.

Apo ndi pamene Mai Fole anatulukira ndi bango limodzi lalikulu lakupsa, la mango aja opanda ulusi, n'kuliika m'manja mwa apongozi. Anafunsa mokweza kuti onse amve, “Amayi, mango aja ndakhala ndikukupatsirani sabata yonseyi, munati ndi a yani?”

Apongozi analinunkhiza n'kuyankha kuti, “Ndi a Semba. Dzanja la mwananga ndimalidziwa pakamwa. Si a mtengo uja adakupatsani?”

“Iyayi amayi. Wanga uja chaka chino sudabereke. Ndinkathyola m'katimu, pakhomo pa mpongozi wanu.”

Ine sindinawatume Mai Fole, ndipo sindinkadziwa n'komwe kuti akuchita zimenezo. Ndinkangodabwa kuti mango anga akuchepa. Ndinayembekezera temberero lina loposa loyamba lija. Apongozi anatambasula miyendo n'kuyamba kuisisita, kuchokera m'mawondo mpaka kumapazi. Anadzigwira m'mimba. Kenaka anati, chapansipansi, “Sindidatupe.”

Anapempha kuti wina awadzutse. Abale onse anangoyang'anana, ndiye ndinawagwira ndine. Tinalowa pachipata pang'onopang'ono mpaka pamtengo woyamba uja. Anapapasa chitsa, zala zawo n'kupeza pamene nkhwangwa inadutsa, n'kukwera mpaka pachipsera chatsopano. Anafunsa kuti wamezanitsa ndani, ndipo ndinati ndine. Nkhalamba ija inakumbatira mtengo n'kulira maliro a mwana wake ngati wamwalira tsiku lomwelo. Atatonthola anaitana osatembenuka, “Juwawo! Nkhabe, ndakana. Mlendo wakoyo abwerere. Mwananga ali pano, ndipo womusunga ndi uyu.”

Bambo wa kutauni uja anakwera galimoto yake osatsanzika.

Sindikunamizani kuti zonse zinakhala bwino. Juwawo sanapepese mpaka lero, ndipo njinga, mbuzi ndi dimba sizinabwerere. Marita anakwatiwa asanamalize sukulu, ndipo zimenezo zimandiluma tsiku lililonse. Apongozi sananenepo kuti analakwa, amangobwera n'kukhala pamthunzi, ine n'kumawasendera mango popeza mano anatha. Zitsa zinayi zopserera zija zikadalipo. Za kukhululuka ndikulimbana nazobe, mundipempherere.

Koma ndili pano. Luwiza ali pasukulu, ndipo mitengo isanu ikutidyetsa. Ndikuthokoza Mulungu amene anabisa chipulumutso changa kuseri kwa nyumba ya munthu amene ndinamutukwana. Inu amene akukukakamizani zonyansa, amene akulandani mpaka mthunzi, musafulumire kumanga katundu. Limbikani, pempherani ngakhale mokalipa, Iye amamva. Ndipo musamale pakamwa ndi anansi anu, chifukwa simudziwa amene akukusungirani mbewu.

Dzulo masana ndili m'nyumba ndinamva mwala ukugwera padenga, kenaka phokoso la mapazi kuseri. Ndinatuluka ndi ndodo ndikukalipa monga kale, ana a m'mudzi akubalalika, mango ali m'malaya. Ndinawathamangitsa mpaka kumpanda, ndipo nditaima pamenepo ndinapeza kuti ndikulira. Akuba abwerera pakhomo panga. Dzina la Ambuye lilemekezeke.