Ziliza Zimene Ndinazibisa pa Webusayiti

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni nonse amene mumawerenga zimene ndimalemba pano. Ndine NaBanda wa ku Mvera, ndipo lero ndikufuna ndikuuzeni momwe ndinatsala pang'ono kutseka bizinesi imene malemu amuna anga anandisiyira.

Timaumba ziliza, miphika ya maluwa ndi matebulo a simenti. Bambo atatisiya, makasitomala nawo anayamba kusowa, poti ambiri ankadziwa iwowo osati ine. Ndinatsala ndi amisiri awiri, a Chimwaza ndi a Lupiya, amene anayamba ndi bambo tikugwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango. Pofuna kudzutsa bizinesi, ndinapangitsa webusayiti ku Lilongwe, ndipo kaikidwe ka zinthu ndinalamula ndekha. Patsogolo panali kanema wa abusa akudalitsa malo athu, kenako zithunzi zikuluzikulu za miphika. Ziliza ndinati azikankhire kumapeto, pansi pa mawu akuti "Zina ndi zina". Mukudziwa kwathu kuno, zamaliro sitiziyala pamsewu ngati tomato. Amayi anzanga a kumpingo nawo anati ndachita bwino, kuopa kuoneka ngati ndikuitanira anthu imfa.

Anthu anakolola, fodya anagulitsa, nyengo yomanga ziliza inafika, koma foni yanga ili zii. Amisiri anga ankangosewera bawo pamthunzi. Tsiku lina a Lupiya anandiuza mwaulemu kuti, "Mayi, ngati zavuta musatibisire, tikafune maganyu kusanade." Mawu amenewo anandilasa mumtima. Ndinalira, ndinasala kudya, ndipo ndinapemphera kuti, "Ambuye, ngati khomo ili mwatseka ndinu, ndipatseni mphamvu zowauzira anthuwa kuti ntchito yatha." Ndinatsimikiza kuti mwezi ukatha ndiwauza.

Mwezi usanathe, kunabwera mayi wina wa ku Congo wokhala ku Dzaleka, dzina lake Furaha, amene amaphunzitsa makompyuta kumeneko. Ankafuna chiliza cha mayi ake. Titapatsana moni anati, "Mayi, webusayiti yanu ndi yokongola, koma yandidyera bandulo yonse ndisanaone chiliza ndi chimodzi chomwe. Ndachita kufunsa njira kwa a minibasi." Ndisaname, ndinakwiya pang'ono. Kenako anandifunsa ngati ndimaona ziwerengero za alendo obwera pa webusayitiyo. Ine ndinati, "Alendo ake ati, poti kulibe amene amafikako?"

Anatulutsa laputopu m'chikwama, ine n'kumupatsa pasiwedi imene anandipatsa ku Lilongwe. Anandifotokozera kuti seva, kompyuta imene imasunga webusayiti, imalemba mlendo aliyense: dziko limene ali, tsamba limene watsegula, ndiponso pamene watulukira.

Abale anga, ndinachita kakasi! Anthu ankabwera tsiku ndi tsiku. Ambiri anali ku Joni, ndipo pafupifupi onse ankalowa pa foni. Mawu amene ankafufuza kuti atipeze anali akuti "ziliza Dowa", ena "womanga chiliza Ntchisi". Koma ankangofika patsamba loyamba, kanema uja asanamalize n'komwe kutseguka, n'kutuluka. Miphika yanga yonyaditsa ija inalibe woiyang'ana. Ochepa amene anapirira mpaka kupeza "Zina ndi zina" ankakhalitsa pamenepo, n'kubweranso tsiku lina, koma patsambalo panalibe nambala ya foni.

Ndinakhala pa thumba la simenti nditagwira pakamwa. Amenewo anali ana athu omwe, amene maliro a makolo awo anachitika iwo ali kutali, ndipo ankafuna woti amange manda kumudzi. Ine ndinkasala kudya kupempha makasitomala, makasitomalawo ali pakhomo panga akugogoda.

Furaha anandithandiza kukonzanso zonse motsatira zimene tinaonazo. Ziliza zinabwera patsogolo, zithunzi zake zing'onozing'ono zosadya bandulo, pamwamba pake mawu a chitonthozo, pansi pake batani loimbira foni. Kanema anapita kumapeto. Abusa atamva anaseka, amvekere, "Basi NaBanda mwanditsitsa udindo!" Amayi anzanga ena anang'ung'udza, koma ndinawayankha kuti wofuna chiliza imfa inamufikira kale, chimene akusowa ndi womuthandiza.

Sabata isanathe foni inalira, nambala ya ku Joni. Anali bambo wina wa kwa Dzoole. Anati, "Mayi, chimwalirireni mayi anga ndakhala ndikulowa pa webusayiti yanu. Ndinkangoona abusa akukweza manja, bandulo n'kutha. Lero ndakupezani." Tinagwirizana za ntchitoyo pomwepo. A Chimwaza ndi a Lupiya anapita kukamanga chilizacho, ndipo pa tsiku lotsegulira mwini wakeyo anabwera. Anagwada n'kusisita dzina la mayi ake pamwalapo, akulira maliro amene sanawalire. Ine ndinalira naye.

Ena anaimbanso, ndipo akuimbabe. Tsopano mwezi uliwonse ndimatsegula ziwerengero zija ndekha, n'kukonza pamene anthu akukhumudwa. Chiliza cha mayi a Furaha tinachimanga ndi mtima wonse. Bawo lija lagwira fumbi pakona, ndipo mawu amene ndinakonza kuwauza amisiri anga sanatuluke pakamwa panga.

Ndikuthokoza Mulungu amene anatuma mwana wamasiye wa dziko lina kudzanditsegula maso. Inu amene mwapemphera mpaka kutopa, musagwe mphwayi. Pempheranibe, koma mukadzuka pogwadapo kasuzumireni kukhomo, mwina alipo amene waima pamenepo kwa nthawi yaitali. Ambuye akudalitseni nonse. Ameni.