Mkwiyo wa Amayi Unapalira Munda Wonse

Inu owerenga makalata pawailesi, iyi muwerenge mofatsa, amayi anga akumvetsera. Ndine mtsikana wa ku Ntengo-Wambalame, ndili mu desima kalasi, ndiye kuti giredi 10.

Kale amayi akapsa mtima, patapata ankandipeza ndisanafike pachitseko. Kenako kugulu la amayi a kutchalitchi anawalangiza kuti: "Mwana akakuputani musamugwire. Tengani khasu mukalime mpaka mtima utsike, kuyankhula pambuyo."

Ine ndinaona mwayi, chifukwa kupalira mbatatesi Loweruka inali ntchito yanga. Lachisanu ndinaika chule m'nsapato yawo, mizere khumi inayera. Sabata yotsatira ndinajambula mkonono wawo atagona masana, n'kuuika kuti ukhale kulira kwa telefoni yawo. Inalira pakati pa pemphero la gulu lomwelo! Tsiku limenelo anamaliza munda wonse, n'kulowerera wa eni ake.

Kulakwa kwanga n'kumodzi: ndinadzitama kwa mlongo wanga, iye n'kukandiulula.

Ndinayang'ana patapata. Amayi anapuma katatu, kenako anaseka mpaka misozi.

"Iwe mwana, ine ndimati ndikuchiza mtima, kani ndili pa ganyu yako? Purontu, basi. Kuyambira lero mkwiyo ndi wanga, khasu ndi lako."

Tsopano akakwiya amakhala pamthunzi, ine ndikulima, ndipo pofika mzere wachitatu timakhala tikucheza.

Amayi omvera, njirayi imagwira, patapata sanaulukenso. Atsikana anzanga, musamaulule nzeru kwa alongo anu. M'manja muli matuza, koma mkonono uja sindinaufufute.